Mphini Zomwe Ndinatema pa Mwendo wa Kaputeni

Lemba kuti ndinamutema ndine. Yambira pomwepo, usakometse. Ukayamba ndi zoti agogo anga ndi munthu wabwino, ndikulanda cholemberacho. Iwe nthawi imeneyo unali ku sekondale yogonera konko, unangomva kuti mlongo wako wadwala mwendo, basi. Lero umve zonse, ndipo ulembe momwe ndikuyankhuliramu, kaya zikhota, zikhote.

Mlongo wakoyo ndinamulera ndine, ngati mmene ndinakulerera iwe mayi anu atatisiya. Ali wamng'ono anali mwana ngati ana ena onse a pa doko pano, mimba kutsogolo, mchenga m'mutu. Kungotha pulayimale, anayamba kutalika. Kutalika, kutalika, osasiya. Chitseko ichi chinamugunda pamphumi mpaka anazolowera kulowa m'nyumba chowerama ngati mkamwini. Pa mphasa miyendo inkatsalira panja. Ndiye atapita ku koleji ku Lilongwe, anyamata a mpira wa basiketi anamuona tsiku loyamba akuyenda ndi chikwama chake, n'kumugwira mkono kuti iwe ndiwe wathu.

Atabwera pa holide anandionetsa pa foni. Ndinayang'ana, ndinayang'ana. Amuna akuluakulu ndevu pepeya, akulimbirana mpira ndi manja, n'kumauponya m'kaukonde kobooka pansi.

Ndinati, "Amuna anga, imeneyi si ntchembere mbaye? Nanga siketi mwaisiya kuti?"

Anaseka mpaka kugwira chipupa. "Agogo, uwu ndi wina. Uwu timaudunda pansi uku tikuthamanga, timagundana. Mutauona mungathawe."

"Nanga kaukondeko osakasoka bwanji? Bwera nako kuno, alovi akasoke."

Alovi ulembe bwino, anthu a m'tauni sadziwa: ndi anyamata olembedwa ntchito yokoka makoka pa nyanja.

Chaka chake chomaliza pa koleji, akochi awo anamusankha kukhala kaputeni. Akochiwo ndiye mphunzitsi wa timu, bambo woonda wa wezulo m'khosi. Mvula itangotha, ligi ya makoleji inayamba, ndipo Loweruka lililonse kafoni kanga kankalira ine ndili pa thandala kuyanika usipa. Gemu yoyamba analuza, mawu ake anali ngati wamwa phala lozizira. Yachiwiri, "Agogo, tawina!" Yachitatu, "Agogo, tawakwapula!" Zinapitirira choncho mpaka ndinasiya kufunsa kuti zayenda bwanji, ndinkangoti, "Lero mwaliza ndani?" Amayi anzanga a pa thandala, omwe poyamba ankandiseka kuti mdzukulu wanga akusewera za atsikana, anayamba kundifunsa okha. Ine kudzitukumula. Mpira wake sindinauonepo ndi maso, koma ndinkaufotokoza ngati ndinaupanga ndine.

Mwana anandiuza yekha kuti chaka chimenecho ndiye chake. Anati timu ya koleji yawo sinalowepo m'gulu la matimu anayi omaliza, ndipo iye akufuna kuchoka atawalowetsamo. Ndinamva ndi makutu angawa. Lemba kuti ndinamva, pasakhale zoti gogoyo sankadziwa.

Mwera utayamba kuwomba, ligi ili pakati, anabinya. Anadumpha, potera n'kuponda phazi la mnzake, mwendo wa kumanja n'kupindika pa kakolo. Kuchipatala anaunika, anati fupa lili bwino. Zinangochitika kuti sabata imeneyo kunalibe makalasi, ndiye akochi anamulola kudzapumira kuno. Anatsika pa kabaza atamanga bandeji, ali ndi malamulo ngati a kutchalitchi. Mwendo uziikidwa pamwamba. Aziuthira ayisi. Asayende mumchenga, asalowe m'nyanja. Munthu aliyense asaugwire. Akatero, masabata awiri abwerera m'bwalo.

Tsono iwe ukudziwa kuti ine pa doko pano ndine ndani. Mlovi akabinya pokoka khoka, akagwa m'bwato, phewa likaguluka, sathamangira kuchipatala. Amabwera pakhonde pano. Ndimawiritsa madzi, ndimathowa ndi kansalu, kenako ndimatema mphini, timabala ting'onoting'ono ta lezala, n'kupakamo mankhwala akuda a mizu yootcha. Anandiphunzitsa mayi anga. Amuna a ndevu zoyera alipo pano amene angakuonetse mphini zanga. Ndiye taganiza, ine mwini ntchito, m'nyumba mwanga mwagona mwendo wotupa, ndikuuzidwa kuti ndisaugwire.

Tsiku loyamba ndinapirira. Anandituma kwa mayi uja wogula chambo, uja amapita nacho ku Lilongwe m'mabokosi a ayisi, kuti andipatseko chidutswa. Ndinanyamula m'beseni, madzi akudontha. Kudutsa pa thandala, amayi aja anaimika manja.

"Agogo, mwayamba geni ya chambo?"

"Ayi, ndi wa mwendo wa mdzukulu wanga."

Kuseka kwake! Wina mpaka anakhala pansi. "Mwamuika pa ayisi mwana? Mukafika naye ku msika mutigulitseko mutu!"

Wina, uja wa pakamwa polasa, sanaseke. Anati, "Zoona manja amakalamba. Ana a eni mumawatema, wanu akuchiritsidwa ndi madzi. Kapena mankhwala anu aja mumawadziwa nokha kuti ndi makala chabe?"

Mawu amenewo anandilowa ngati munga wa kampango. Tsiku lachiwiri ndinapitanso kukatenga ayisi, koma ndinazungulira kuseri kwa nyumba za anthu kuti asandione. Ine, pa msinkhu wanga, kuzemba ngati wakuba nkhuku.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinamupeza pakhonde, mwendo uli pa mpando, akuwerenga buku lake. Kutupa kunali kutayamba kuphwa, ndinaona ndithu. Lemba zimenezonso. Mwendo unali ukuchira wokha.

Ndinati, "Masula chinsalucho ndione."

"Agogo, akochi anati..."

"Akochi akowo anakusambitsapo?"

Anaseka, kuganiza kuti ndi macheza athu a masiku onse. "Mkazi wanga, nsanje imeneyo. Dikirani ndichire, ndidzakuvinitsani."

"Sindikuseka. Magazi oipa ali m'katimo. Ayisi akungowagoneka, tsiku lina adzadzuka uli pakati pa bwalo. Ndikuthowe, nditeme ziwiri zitatu, Loweruka lomweli ukadumpha."

"Agogo, chonde. Ntchito yanu ndimailemekeza. Koma uwu ndi mwendo wa timu, si wanga ndekha."

Pamenepo ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi kuposa lezalalo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira. Ndinati manja amene anakupukuta mamina lero asanduka auve. Ndinati sukulu yakuphunzitsa kunyansidwa ndi agogo ako. Ndinatchula mayi anu, kuti akanakhalapo sakanalola kuti ndinyozeke chonchi. Tiyi amene anandiwiritsira yekha, akudumphira mwendo umodzi, ndinamukankhira uko. Misozi inali yeniyeni, koma ndinkadziwa chimene ndikuchita. Mwana uja ndinamulera, ndimadziwa pamene pali pofewa.

Kenako anatseka buku, anamasula bandeji yekha, n'kutambasula mwendo.

"Chitani, agogo. Koma zing'onozing'ono."

Ndinathowa ndi madzi otentha, iye ataluma kolala ya malaya. Lezala linali latsopano, pamenepo ndisanamiziridwe, ndinalitsegula m'pepala iye akuona. Ndinatema zitatu mbali iyi ya kakolo, zitatu mbali inayo. Koma mankhwala aja anali a m'kabotolo kamene kanakhala pa denga zaka kaya zingati, mvula ikudontherapo. Anali atagwirana ngati dothi, ndinachita kuwaphwanya ndi chikhadabo. Ndipo chala chimene ndinapakira, m'mawa womwewo chinali chitatumbula nsomba. Ndinangochipukuta pa chitenje. Ndinamuuza kuti masiku atatu asasambitsepo ndi sopo, mankhwala angathawe.

Masana ake ndinadutsa pa thandala mutu uli m'mwamba. Ndinati, "Ndamutema." Amayi aja anati, "Eyaa, tsopano ndiye mwayankhula."

Anabwerera ku koleji Lamulungu. Kuti akochi asaone mphini, anamanga bandeji mothinitsa, pamwamba sokosi, pamwamba chinsapato chawo chija chofika m'mwamba. Osamasula ngakhale pogona, poopa anzake a m'chipinda. Mabala sanapume mpweya. Alovi anga ndikawatema amayenda opanda nsapato, dzuwa n'kuumitsa. Ine za sokosi ndi thukuta sindinaziganize n'komwe.

Loweruka lotsatira foni inalira mochedwa. "Tili bwino, agogo." Basi. Linalo, "Tili bwino." Ndikafunsa za mpira ankati netiweki ikuvuta. Amene anandiuza zoona ndi mayi wa chambo uja. Anabwera pakhomo pano osakhala n'komwe pansi.

"Agogo, mdzukulu wanu ndamuona m'tauni ali pa ndodo ziwiri. Mwendo uli ngati mtondo. Akuti anagonekedwa m'chipatala masiku angapo, anachita kumung'amba kuti mafinya atuluke."

Ndinamuimbira pomwepo. Anayamba kuzungulira, ndinati usandinamize, ndine ndinakuphunzitsa kuyankhula. Ndiye anaulula. Thupi linatentha, mwendo unatupa mpaka m'katumba, anzake anachita kumunyamula.

Kenako anati, "Koma musadandaule, agogo. Za inu palibe akudziwa. Ndinawauza akochi kuti ndinalowa m'nyanja, bango linandicheka."

"Ndiye anati chiyani?"

Anayamba zoti netiweki ikuvuta.

"Iwe, anati chiyani?"

"Andichotsa ukaputeni. Akuti ngakhale ndichire, chaka chino sindiseweranso. Akuti anandiletsa kulowa m'nyanja, ine n'kukasambira ngati mwana."

Anzake nawonso anamukwiyira. Pa chakudya ankamusiya yekha pa tebulo. Ankamutcha dzina loti msodzi. Ndipo timu inayamba kuluza, poti pansi pa kaukonde paja panalibenso wamtali wolanda mipira. Kuwina kamodzi, kuluza kawiri, choncho.

Tsono funsa kuti agogo munachita chiyani mutamva. Palibe. Mwezi wathunthu ndi masabata, ndinangokhala. Amayi a pa thandala atamva za bango anati, "Ana a sukulu samva. Inu mwamuchiritsa bwinobwino, iye n'kukalowa m'madzi." Ine ndinagwedeza mutu n'kuti, "Nanga titani, ana a masiku ano." Ndinanena ndi pakamwa pangapa. Mwana akusenza mlandu wanga ku Lilongwe, ine kuno ndikumuwonjezera mtolo. Mlovi wina anabwera ndi dzanja lobinya, ndinamubweza kuti mankhwala atha, koma chifukwa chenicheni sindinamuuze. Kutchalitchi ndinkaimba nawo kwaya ya amayi, mawu akutuluka, mtima uli kwina.

Chimene chinandidzutsa ndi foni ya Lachinayi lina. Anati mwendo unapola kale, wayamba kuthamanga yekha m'mawa. Anati Loweruka kuli gemu yomaliza, akawina alowa m'gulu la anayi lija, akaluza basi zatha. Ndinafunsa ngati asewera. Anati, "Ndikakhala pa benchi, ndizikawapatsa anzanga madzi." Ananena moseka. Kuseka kumeneko ndiye kunandithyola.

Loweruka m'mawa ndinamanga utaka wouma m'kathumba, poti kopepesa supita chimanjamanja, ndinakwera kabaza mpaka pa depoti ya Salima, n'kukwera minibasi. Osamuuza. Ku Lilongwe ndinafunsa funsa mpaka mtsikana wina wa pa koleji pomwepo anandilondolera ku holo yawo.

Iii, mkati muja! Denga kutalika ngati tchalitchi, nsapato zikulira tswii tswii ngati mbewa zagwidwa pa msampha, mipira ikugunda pansi mpaka m'chifuwa mwanga. Gemu inali isanayambe, ankangotenthetsa thupi. Anyamata onse atavala majezi ofanana, wanga yekha ali mu malaya wamba, wanyamula mabotolo. Atandiona, botolo limodzi linagwa.

Anathamanga. "Agogo! Mwabwera bwanji? Kwagwanji kumudzi?"

"Akochi ako ndi ati?"

Anandiyang'ana, anadziwa. "Ayi, agogo. Musatero. Zinatha kale zimenezo. Akusekani anthu pano."

"Andiseke."

Ndinamuzemba pansi pa mkono, poti kufupika nakonso n'chuma. Bambo wa wezulo ndinamuzindikira ndekha. Ndinagwada pa simenti, kathumba patsogolo.

"Bambo, ine ndine gogo wake wa mwana uyu. Sanalowe m'nyanja ayi. Anamvera zonse zimene munamuuza. Ndine ndinamutema mphini, ndinamukakamiza ndi misozi. Mulange ine, mwanayu mumusiye asewere."

Akochi anandigwira m'mapewa. "Dzukani, mayi, simenti ikuzizira. Iwe, bweretsa mpando." Nditakhala, iwo ananjuta patsogolo panga, n'kuyankhula motsitsa. "Mayi, zimenezi ndinazidziwa tsiku lomwelo. Anamwino anandionetsa. Bango silicheka mizere itatu yofanana uku, itatu uku. Inenso ndinakulira kumudzi."

Ndinati, "Ndiye mumadziwa? Nanga mwamulangiranji nthawi yonseyi?"

"Za mwendo sindinamulange. Ndinamufunsa katatu, masiku osiyana, tili awiri. Katatu konse anandiyang'ana m'maso n'kunena za bango. Akanati agogo ananditema, tikanangodikira kuti apole, masabata atatu apitawo akanakhala ali m'bwalo. Koma kaputeni wondinamiza ine, anzake amukhulupirira bwanji?"

"Ananama pofuna kubisa manyazi anga, bambo."

"Ndikudziwa, mayi. N'chifukwa chake ndinkadikira."

Unamva? Masabata atatu. Ine ndikanakwera minibasi tsiku lomwe ndinamva, mwana akanasewera magemu a masabata atatu aja anzake ankaluza. Lezala linamudyera mwezi, kukhala chete kwanga kunamudyera zotsalazo.

Akochi anaimirira n'kuuza mlongo wako kuti, "Jezi ilipo. Koma uwauze anzako wekha, ndi pakamwa pako." Analiza wezulo, anyamata anasonkhana, zimphona zokhazokha, ine pakati ngati chitsa. Mlongo wako anayang'ana pansi n'kunena zonse. Sanandinyoze ngakhale pang'ono. Anati agogo amafuna kundithandiza.

Kenako mmodzi wakuda bii, wa mano oyera, anakweza mwendo wake n'kuti, "Agogo, ine bondo ili limandivuta. Muli nalo lezala lina?" Anzake anaphulika kuseka, wina n'kumumenya mlongo wako pamsana. "Iwe msodzi wabodza, bwanji osanena? Tonse tili nazo mphini, ona!" Atatu anakweza malaya kundionetsa za agogo awo.

Koma mmodzi sanaseke. Nayenso chinali chaka chake chomaliza, ndinamva pambuyo pake. Anangoti, osayang'ana ine, "Sizoni yonse yapita chifukwa cha lezala." N'kutenga mpira kubwerera m'bwalo. Palibe anamudzudzula. Nanga ananama?

Anandikhazika kutsogolo. Gemu inayamba, ine osamva kanthu za malamulo, wezulo pano, wezulo apo, anthu kukuwa. Mtsikana uja anandilondolera ndiye ankandiuza kuti apa tili patsogolo, apa atipitirira. Mlongo wako anavala jezi koma anakhala pa benchi. Ukaputeni sanamubwezere. Chakumapeto, ife tili m'mbuyo pang'ono, akochi anamukodola.

Holo yonse inakuwa. Ine ndinaimirira n'kululutira, anthu n'kutembenuka. Mpira woyamba kumufika, anatembenuka n'kuulowetsa m'kaukonde, ndinati Ambuye mwandikhululukira. Koma atathamanga uku ndi uku kangapo ndinaona chifuwa chikukwera ndi kutsika, manja ali m'chiuno. Mpweya unali utathera pa benchi paja. Ndipo podumpha ankausunga mwendo uja, ankadumpha ngati munthu wokwera bwato logwedera. Kawiri konse mnyamata wa timu inayo, womufika m'phewa chabe, anamulanda mpira m'mwamba momwe, malo amene kale munthu sankafikako. Kachiwiriko anathamanga nawo n'kukagoletsa. Posakhalitsa chinalira chiwezulo chachikulu. Mtsikana uja anati, "Agogo, taluza. Pang'ono pokha."

Anyamata ena anagona chagada pa simenti. Uja sanaseke uja anavula jezi n'kuphimba nkhope. Wanga anayenda kugwira chanza a timu inayo mmodzimmodzi, kenako anatola mabotolo aja, ngakhale sinalinso ntchito yake. Akochi analandira utaka wanga ndi manja awiri, anathokoza, anandifunsa za ulendo. Ulemu wawowo unandiwawa kuposa kunditukwana.

Anandiperekeza ku depoti dzuwa likadalipo, kuti ndipeze minibasi ya ku Salima. Njira yonse ankandiuza za mayeso ake, za chakudya cha pa koleji, chilichonse kupatula mpira. Makondakitala anatithamangira, iye anawakankha, n'kundipezera mpando wakutsogolo pafupi ndi dalaivala. Anandikweza ngati mwana, n'kundikonzera chitenje kuti chisapanidwe ndi chitseko.

Ndinamugwira dzanja. "Mwana wanga, ndinakulakwira. Chaka chako ndakuonongera ndine."

"Agogo, mwendo unali wanga. Ndikanatha kukana."

"Ukanakana bwanji, ine ndikulira chonchija?"

Anandiyang'ana. Sanandiyankhe moseka ngati kale, sananditchule mkazi wake. Anangoti, "Ndi chimenechotu, agogo."

Anatseka chitseko bwinobwino, anamenya kawiri pa denga la minibasi, dalaivala n'kunyamuka.